Madzi atunge amayi, pulani agwire abambo: tiyambire pati kusintha zimenezi?

NaMbewe wa ku Lilongwe:

Moni nonse. Ndabwera ndi funso lomwe likundisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna andiyankhe makamaka ndi anthu odziwa fumbi la pa saiti.

Ine ndine mayi, ntchito yanga ndi ya u-QS. Ndimawerengetsa zipangizo ndi ndalama zomwe nyumba idye isanayambe kumangidwa, kenaka ndimayeza ntchito yomwe yagwirika kuti kontirakitala alipidwe. Ndinaphunzira ku Poly, ija inasanduka MUBAS mu 2021. Masaiti a mu Lilongwe muno ndawayenda, ku Area 43, ku Area 49, ku Kanengo, ndipo chomwe ndimaona n'chimodzimodzi kulikonse. Amayi alipo, ambirinso, koma ali ndi ndowa pamutu, akutunga madzi, akututa mchenga. Wogwira levulo ndi bambo. Kapitawo ndi bambo. Mwini kampani ndi bambo, wodula mapuloti nayenso ndi bambo. Pa msonkhano wa pa saiti, pamene timakhala ndi injiniya, wojambula pulani ndi mwini nyumba, kawirikawiri mayi ndimakhalapo ndekha. Munthu waulumali sindinakhalepo naye pa tebulo limenelo. Wokulira ku Mgona kapena ku Chinsapo ndi wosowanso, chikhalirecho anthu ambiri a mumzinda uno amakhala m'madera oterowo.

Malamulo tili nawo. Gender Equality Act ya 2013 imati polemba ntchito m'boma, amayi kapena abambo asachepere 40 pa 100 aliwonse ndiponso asapitirire 60, ndipo imanena zofananazo pa kasankhidwe ka ophunzira m'sukulu zaukachenjede. Tikakumana m'misonkhano ya akatswiri, yankho lomwe limamveka nthawi zonse ndi loti tipite m'masekondale tikalimbikitse atsikana masamu ndi sayansi. Sindikutsutsa, ndinapitako ndipo ndidzapitanso. Koma ine ndikuona kuti anthu tikuwataya atamaliza kale sukulu. Atsikana omwe ndinaphunzira nawo anali anzeru kuposa ine, koma lero ena ali ku banki, ena ku mabungwe, ena akuyitanitsa katundu ku China. Sanalephere mayeso ayi. Anasowa poyambira.

Atachimenti ndi ntchito yoyamba m'gawo lino sizilengezedwa m'nyuzipepala. Zimayenda pa foni: mwana wa mnzanga, mphwake wa uje. Ndipo kuti ulembetsedwe ngati katswiri uyenera kugwira kaye ntchito pansi pa munthu wolembetsedwa kale amene adzakusainire. Ngati sakudziwa aliyense, digiri imangokhala m'sutikesi. Ukati uyambe kampani yako, ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga makontirakitala amawaika m'magulu potengera kukula kwa ntchito zomwe angagwire, ndipo kuti ukwere gulu uonetse ntchito zomwe unagwirapo ndi zida zomwe uli nazo. Tenda yayikulu imafuna kalata ya chitsimikizo ya ku banki. Banki imafuna chikole. Chikole ndi nyumba kapena malo a mapepala, ndipo mapepala ambiri ali m'dzina la abambo. Apa ndi pamene ine ndinatsala pang'ono kusiya.

Funso langa ndi ili. Kakampani kanga n'kakang'ono, koma chaka chamawa nditha kutenga achinyamata angapo oti ndiwaphunzitse ntchito, komanso ndili ndi mawu pa zolembedwa m'makontirakiti a makasitomala ena. Mphamvu yochepayi ndiyiike pati kuti ithandize zenizeni? Inu amene munayesapo, chinatheka n'chiyani, chinakanika n'chiyani?

Kapitawo wa ku Bangwe:

Mayi Mbewe, zikomo potifunsa ifenso. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndinayamba ndi kuponda matope, ndinadzalemba Trade Test kuyambira Grade 3 mpaka Grade 1, ndipo imvi zandimerera pa nsanja.

Ndikuuzeni chomwe a m'maofesi sachiona. Mmisiri womanga ambiri a ife sitinaphunzire m'kalasi, tinaphunzira poyima pafupi ndi chipupa. Mnyamata wosakaniza simenti ndi wopatsira njerwa amakhala pambali pa mmisiri tsiku lonse. Amaona mmene chingwe chikukokedwera, mmene kona ikuyambidwira, mmene levulo ikuwerengedwera. Nthawi ya nkhomaliro amapempha kuti ayaleko mzere umodzi. Mmisiri amamukalipira, n'kugumula, n'kumuonetsa. Zikapita nyengo zingapo mnyamata uja ndi mmisiri. Nanga mayi? Mayi timamutuma ku mjigo kapena ku dambo. Amafika, n'kuthira madzi mu diramu, n'kubwerera. Akhoza kugwira ganyu pa masaiti moyo wake wonse osaonapo mmene lintala imathiridwira. Sikuti alibe mutu kapena mphamvu. Munthu wosenza ndowa ya malita 20 kuchokera m'mawa mpaka madzulo mukamuuze kuti njerwa yamulemera? Tinangomuika kutali ndi chipupa basi.

Ndiye ine ndinasintha kagawidwe ka ntchito. Madzi atunge onse mosinthana, anyamata omwe. Amayi ofuna, ndimawaika kosakaniza ndi kopatsira. Amene waonetsa chidwi ndimamuyambitsa pa chipupa cha m'kati chomwe chidzapakidwe pulasitala, kuti akakhotetsa pang'ono mwini nyumba asadzatithamangitse. Anyamata anang'ung'udza poyamba, ena anachoka. Koma mayi wina amene anayamba choncho lero akumanga yekha nyumba za anthu ku Machinjiri, ndipo pulasitala wake ndi wosalala kuposa wanga.

Zina n'zazing'ono koma zimathamangitsa anthu. Chimbudzi chimodzi cha chiguduli pa saiti ya anthu ambirimbiri. Maovolosi ndi magamubutsi obwera a saizi ya abambo okhaokha. Ndipo chachikulu, chomwe ndikuchita nacho manyazi ngati bambo, ndi akapitawo anzathu amene amagwira buku la mayina. Amamuuza mayi kuti ngati ukufuna dzina lako lidzaonekenso mawa, tionane madzulo. Zimenezi zilipo, tisanamizane. Ngati muli ndi mawu pa kontirakiti, lembanimo kuti wolemba aganyu asakhale munthu mmodzi, malipiro azilowa pa foni ya mwini wake, ndipo pakhale munthu wina, osati kapitawo, kumene mayi angakadandaule.

Kwinanso komwe ndikuona mpata ndi ku mabuloko a simenti. Chikhazikitsireni lamulo lija la 2018 loletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu, ntchito youmba mabuloko yakula, ndipo popeza ndi yatsopano palibe anganene kuti kuyambira kale ndi ya abambo. Gulani mabuloko anu kwa magulu a amayi, bola muwayeze kulimba kwake monga mmene mungayezere a wina aliyense. Komanso makampani amadula 1 peresenti ya malipiro kupereka ku TEVETA. Ndalama imeneyo ndi ya maphunziro a ntchito zamanja. Pitani mukafunse mmene anthu ophunzirira pa saiti angayesedwere kuti apeze pepala.

Wojambula mapulani, Mzuzu:

Achemwali, ndathokoza kuti mwatitchula, chifukwa nkhani ngati izi zimathera pa amayi ndi abambo, ife osaonekamo.

Ine ndimayendera njinga ya olumala, ndinadwala poliyo ndili mwana. Ndimajambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Tawerengani anthu a mu ofesi mwanu muone ngati chiwerengerocho chikuonekamo.

Nditamaliza maphunziro, kampani ina inandiyitana ku intavyu. Ofesi inali pamwamba, chikepe panalibe. Anandinyamula alonda awiri, ndipo ndinalowa m'chipindamo malaya atatuluka, thukuta lili kamukamu. Funso loyamba linali loti nanga ku saiti muzikayenda bwanji. Anthu omanga nyumba, okhala m'nyumba yomwe ine sindingalowemo, akundifunsa ine za kayendedwe. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ntchitoyo sindinaipeze. Chonsecho gawo lalikulu la ntchito yojambula, yowerengetsa ngakhale yokonza mapu a mzinda masiku ano limachitikira pa kompyuta. Ku saiti ndimapita ndithu. Pomwe njinga singafike ndimatuma mnyamata ndi foni, amandionetsa, ndipo zolakwika ndimazigwira.

Chifukwa chomwe tikufunikira m'ntchito zimenezi muchione pa njira zotsetsereka zomwe zikumangidwa pa makomo a nyumba zatsopano. Muyeso wodziwika ndi woti pokwera mita imodzi, njirayo italike mamita 12. Zomwe ndimapeza ndi kachitunda kothiridwa tsiku lomaliza pambali pa masitepe, kotsetsereka moti kukwera ndekha sindingathe, kutsika ndikhoza kugubuduka. Pamwamba pake palibe poyima kuti utsegule chitseko. Chimbudzi cha aulumali chilipo, koma asungiramo mopu ndi ndowa, kiyi ali ndi munthu amene wapita ku nkhomaliro. Panja ngalande zili yasa, zomwe kwa mnzathu wosaona ndi msampha. Wojambulayo sanali woipa mtima. Sanakhalepo pa njinga, ndipo mu ofesi mwake munalibe womufunsa. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linanena kale za kufikirika kwa nyumba, latsopano la 2024 labweranso, koma lamulo silijambula pulani.

Vuto limayambira kutali. Mwana waulumali akamakula, onse omufunira zabwino amamulozera ku utelala, kuluka kapena kukonza nsapato. Palibe amamuuza kuti angakhale wopima malo. Ndikudziwa akalipentala osamva omwe ntchito yawo ndi yaukhondo zedi, koma pa saiti sawalemba chifukwa kapitawo akuti alankhula nawo bwanji. Mnzathu wachialubino akhoza kugwira ntchito pa saiti atapatsidwa chipewa chachikulu, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza khungu, zinthu zomwe mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi simenti yomwe imatayika pa sabata.

Pempho langa kwa inu a QS ndi ili: zinthu zimenezi muzizilemba mu BoQ, mndandanda uja wa zipangizo, ntchito ndi mitengo yake, kuyambira pachiyambi, zikhale ndi mzere wake ndi mtengo wake. Chosalembedwa mmenemo sichimangidwa, inu mukudziwa. Ndipo pulani ya nyumba yolowamo anthu ambiri isanapite ku khonsolo, itanani munthu waulumali aione, kudzera ku FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kapena kwina. Mumulipire ngati katswiri, osangomupatsa ya thiransipoti.

Mayi wa m'gulu, Mtandire:

Ine ndilibe digiri, wandilembera ndi mwana wanga, koma mawuwa ndi anga.

Mwana wanga NaMbewe, mwatchula Mgona ndi Chinsapo, ndiye ndati ndiyankheko. Mzinda uno pomwe likulu linkachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, pulani yake anajambula ndi akatswiri a ku South Africa. Anagawa ma Area, uku kwa mabwana, uku kwa makalaliki, pakati n'kusiya mitengo ndi mitunda italiitali. Ife ochapa, olondera ndi ogulitsa tomato tinadzipezera tokha pokhala. Mtandire wagundizana ndi Area 47, koma mukaoloka mumadziwa kuti mwalowa kwina. Mpaka lero okonza mzinda ambiri anakulira mbali inayo. Akabwera kuno amabwera ndi galimoto, nthawi ya chilimwe. Njira ya madzi a mvula saidziwa. Ife tikudziwa khomo lililonse lomwe madzi amalowa mu Januwale.

Ife a m'magulu osunga ndalama a Federation, mothandizana ndi a bungwe la CCODE lothandiza madera ngati athuwa, takhala tikugwira ntchito yomwe inu mumaitcha ya akatswiri. Tinayenda khomo ndi khomo kuwerenga mabanja, kulemba manambala pa zitseko, kuwerenga zimbudzi, mipopi ndi zitsime. Anzathu anamanga nyumba ku Area 49 kuno, ku Angelogoveya ku Blantyre ndi ku Mchengautuwa ku Mzuzu, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi. Anaumba zidina okha, ena anaphunzira kumanga zimbudzi zija zotulutsa manyowa. Ku Nancholi ku Blantyre ndi ku Salisbury Line ku Mzuzu ophunzira a ku yunivesite anakhala pansi ndi eni dera kujambula limodzi mmene dera lingakonzedwere, ndipo ana aja anaphunzira zomwe m'buku mulibe.

Chomwe chimandiwawa n'choti ntchito ikatha, lipoti limatuluka ndi mayina a ena. Ife timatchedwa anthu a m'dera, timalandira botolo la zoziziritsa kukhosi ndi kandalama ka tsikulo. Achinyamata athu amene anayenda ndi GPS, amene amadziwa kuika nyumba pa mapu, alibe kapepala kalikonse kosonyeza kuti anagwirapo ntchitoyo. Akapita kofunsira ntchito amabwezedwa pa geti. Mtsikana wina wa kuno anakhoza bwino Fomu 4, mapu amawamvetsa kuposa alendo aja, pano akugulitsa makala.

Ndiye mukamasankha ana oti muwaphunzitse, musadikire makalata obwera pa imelo, chifukwa obwera pa imelo ndi omwe aja ali ndi amalume. Bwerani pa msonkhano wa gulu, tikuonetseni ana. Ndipo muwapatse ya minibasi, chifukwa atachimenti yaulere ndi ya ana a olemera. Wa kuno sangayende wapansi kupita ku City Centre mwezi wathunthu ndi m'mimba muli gwa.

Wodula mapuloti, Blantyre:

Ndawerenga zonse, ndipo zambiri ndikuvomereza. Koma mundilole ndisiyane nanu pang'ono, mayi.

Ine ndimagula malo, kupimitsa, kulambula misewu n'kugulitsa mapuloti, nthawi zina kumanga nyumba zogulitsa. Pa bizinesi imeneyi chotchinga chachikulu si kukhala mayi kapena bambo. Ndi ndalama. Mu 2024 chiwongoladzanja cha ku banki chinali pamwamba pa 25 peresenti. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera kontirakiti zili m'kati, ndipo makontirakitala aang'ono ambiri, abambo omwe, anagwa osadzukanso. Mnyamata wa ku Mbayani wopanda chikole ali pa mzere womwewo ndi mayi wopanda chikole. Mukangowerenga amayi, mudzapeza kuti alowa ndi ana aakazi a omwe ali nazo kale.

Ndimaopanso za magawo okakamiza. Boma likati tenda zina zipite kwa amayi ndi achinyamata, ndaona anzanga akulembetsa kampani m'dzina la akazi awo. Mayiyo sadziwa ngakhale kumene saiti ili, amangosaina. Pa pepala zinthu zasintha, pansi palibe chasintha, ndipo mayi ngati inu wodziwa ntchito mwaluza tenda kwa kampani ya chiphamaso.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa malo. Kuno kum'mwera madera ambiri ndi a chikamwini, munda ndi wa mayi. Koma mzinda ukafika n'kuyamba kugula mindayo, obwera kudzakambirana mtengo ndi amalume, amfumu ndi madobadoba. Mwini munda amamva zitatha. Customary Land Act ya 2016 inati m'komiti ya malo ya kwa gulupu, mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Ine masiku ano sindilipira malo ndisanakhale pansi ndi mayi wolima pamenepo, ndipo zandipulumutsa ku milandu. Ogula mapuloti apabanja ndimawalangizanso kuti mapepala alembe mayina awiri. Ena amakana, ambiri amavomera akamva kuti zidzateteza ana. Mayi amene dzina lake lili pa pepala la puloti ndi amene mawa angalowe m'banki.

Ndipo amayi a ku Mtandire akunena zoona. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anapha anthu ambiri ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche. Anthu sanamange m'phiri chifukwa chokonda phiri. Ife odula mapuloti sitidula a mtengo woti mlonda angakwanitse, ndipo m'zipinda momwe timakambirana mulibe wotikumbutsa.

NaMbewe wa ku Lilongwe:

Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndimayembekeza.

Bambo a mapuloti, za makampani a chiphamaso ndikugwirizana nanu, zimatipweteka ife tomwe. Koma mankhwala ake ndi kufufuza amene akuyendetsadi kampani, osati kuchotsa mwayiwo. Ndipo sindikuvomera kuti mnyamata wa ku Mbayani ndi mayi ali pa mzere umodzi ndendende. Onse alibe chikole, inde, koma mnyamatayo safunsidwa pa intavyu kuti akwatira liti, ndipo sauzidwa kuti tionane madzulo. Mnzanga wina anachotsedwa pa pulojekiti mimba itangoyamba kuoneka, chikhalirecho Employment Act imapereka masabata 8 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse. Umphawi ndi khoma limodzi, koma ena akukumana ndi makoma awiri kapena atatu.

Achimwene a ku Mzuzu, mzere wa mu BoQ uja ndauyamba kale pa ntchito yomwe ili pa tebulo panga, ndipo ndikufuna mudzaione pulaniyo pa mtengo wanu. Amayi a ku Mtandire, ndibwera ku gulu. Mtsikana wa makala uja mumuuze asapite kutali, ndipo ya minibasi ndi nkhomaliro ndiziika mu bajeti.

A Kapitawo, kwa inu ndatsala ndi funso. Ndikalemba mu kontirakiti kuti amayi aziikidwa pafupi ndi chipupa, kontirakitala adzandiuza kuti ntchito ichedwa ndipo ndimulipire zoonjezera. Ndimuyankhe chiyani?

Kapitawo wa ku Bangwe:

Akunena zoona pang'ono, mayi, musamutsutse. Wophunzira aliyense, mnyamata kapena mtsikana, amachedwetsa mmisiri wake masabata oyambirira, ndipo amaononga simenti. Kusiyana kwake n'koti za anyamata sitinaziwerengepo. Ndiye muikireni kandalama ka maphunziro pa mzere wakewake, koma azikalandira pokhapokha mwafika pa saiti n'kuona ndi maso anu wophunzirayo akuyala njerwa, osati dzina lake m'buku. Mmisiri wophunzitsayo mumuonjezereko pang'ono pa tsiku, chifukwa amisiri amalipidwa potengera kukula kwa chipupa, ndipo akaona kuti wophunzira akumudyera ndalama adzamubweza ku mjigo inu mutangotembenuka. Musaike mayi mmodzi yekha pakati pa abambo, ayambe awiri kapena atatu. Ndipo muyambe pa maziko pomwe, ntchito isanafike pothamangitsana ndi mvula.